Nyali Zoyandama pa Mtsinje wa Hoai

Kum'mawa kwa Asia, m'mbali mwa nyanja yaikuru ya mcere, kuli dziko lalitali ndi lopapatiza lochedwa Vietnam. Pakati pa dzikolo pali mudzi wakale dzina lace Hoi An, womangidwa pa gombe la mtsinje wa Thu Bon, pafupi ndi pamene mtsinjewo uthira m'nyanja. Mphanda ya mtsinje imene ipita pakhomo pa nyumba zakalezo eni ace aicha Hoai. Anthu a mitundu yambiri amapita kumeneko caka ndi caka, ndipo ambiri a iwo atsata cinthu cimodzi cacing'ono: kukwera bwato dzuwa litalowa, ndi kuika pamadzi kanyali ka pepala, ali kuchula mumtima cimene akhumba. Ifenso tinacita nao mwambo umenewu, ndipo tifuna kukufotokozerani, abale owerenga, popeza tinapezamo funso limene liri la munthu ali yense, angakhale iye amene sanaturuke m'mudzi mwace cibadwire.

Tinafika kumeneko poitanidwa ndi mwana wathu wamkazi, amene aphunzitsa Cingerezi ku Da Nang, mzinda waukuru umene uli makilomita ngati 30 kumpoto kwa Hoi An. Iye ndiye anatilipirira ulendo, ndipo ndiye anali pakamwa pathu, pakuti cinenero ca kumeneko sitinacimve ndi liu limodzi lomwe.

Poyamba tinene za mudziwo, cifukwa munthu sangazindikire nyalizo ngati sadziwa mtsinje umene ziyandamapo. M'zaka za 1600 Hoi An unali dooko lomveka m'maiko onse a kum'mawa, ndipo Azungu anali kuucha Faifo. Zombo za matanga zinali kufika kucokera ku China, ku Japan, ku Portugal ndi ku Holland, kudzagula silika, shuga, tsabola ndi mitengo ya pfungo lokoma, ndi kudzagulitsa mbale zadothi, mkuwa ndi siliva. Masiku amenewo zombo zinali kuyenda ndi mphepo yokha. Amalonda a kumpoto anali kubwera ndi mphepo ya kumpoto caka cikamayamba, nakhala miyezi ingapo kulinda mphepo ya kumwera imene idzawabweza kwao. Cifukwa ca kulinda kumeneku ambiri anamanga nyumba, nakwatira akazi a m'dzikomo, ndipo m'mudzimo munali dera la anthu a ku China ndi dera la anthu a ku Japan. Mlatho wa matabwa wofoleredwa ndi denga, umene anthu auchabe Mlatho wa Ajapani, ulipo kufikira lero. Anaukonzanso nautsegula m'caka ca 2024, ndipo cithunzi cace ciri pa ndalama ya pepala ya 20,000 dong.

Koma m'caka ca 1635 olamulira a ku Japan anaika lamulo lowawa, lakuti munthu wa dziko lao asaturuke kumka ku maiko ena, ndiponso kuti iye amene akhala kunja asabwerenso, pakuti akabwera adzaphedwa. Cotero Ajapani a ku Hoi An anatsekeredwa kunja. Ena a iwo anali Akristu amene anathawa mazunzo a kwao. Anakalambira komweko, nafera komweko, ndipo manda a ena a iwo alipo lero pakati pa minda ya mpunga kunja kwa mudzi. Musawaiwale anthu amenewa, pakuti tidzawachulanso.

Mtsinje umene unabweretsa cuma ndiwo unacicotsanso. Caka ndi caka madzi anali kutsika ndi matope ndi mcenga kucokera kumapiri, nazisiya pa mathiriro, kufikira njira ya zombo inakhala yosaya. Nkhondo ya m'zaka za 1770 inaononga mudziwo, ndipo angakhale anaumanganso, m'zaka za 1800 zombo zazikuru zinayamba kuima ku Da Nang, kumene madzi ali akuya. Hoi An unatsala cete ngati bwalo la msika anthu atabalalika. Popeza panalibe ndalama zogwetsera nyumba zakale ndi kumanga zatsopano, nyumbazo zinakhala momwemo, ndipo nkhondo zazikuru za m'zaka za 1900, zimene zinapasula midzi yambiri ya Vietnam, sizinaugwetse. Mwa ici, m'caka ca 1999 bungwe la UNESCO linalemba mudziwo m'buku la malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasunga.

Ndiponso mtsinjewo sunaleke kubvuta eni ace. Nyengo ya mvula, makamaka m'miyezi ya October ndi November, umasefukira nulowa m'makwalala. M'nyumba ina yakale tinaona zizindikiro pa khoma zosonyeza pamene madzi anafika m'zaka zosiyanasiyana, ndipo zina ziri pamwamba koposa mutu wa munthu wamtali. Nyumba zakale zambiri ziri ndi kakhomo m'denga la cipinda capansi, kuti cigumula cikadza akoke katundu ndi cingwe kumka naye pamwamba. Cigumula ca 1964 akuruakuru acikumbukabe. Cinabweranso m'caka ca 1999, ndipo kumapeto kwa October 2025 anthu anayendanso ndi mabwato m'makwalala amene ife tinayendamo ndi miyendo. Taonani tsono, mtsinje uwu sindiwo wosunga pangano. Upatsa lero, nulanda mawa. Ndipo ndiwo womwewo umene anthu autulira zokhumba za mtima wao madzulo ali onse.

Mwambo wa kuyandamitsa nyali sunayambe ndi alendo. Anthu a ku Vietnam amawerenga masiku a miyambo yao potsata mwezi wa kumwamba, ndipo mwezi ukakhala watsopano, ndiponso ukakhala wathunthu, amafukiza zonunkhira m'nyumba zao pokumbukira makolo ao. Otsata cipembedzo ca Buddha amaika pamadzi nyali zimene azicha hoa dang, kupempherera mtendere ndi kukumbukira akufa, makamaka pa mwezi wacisanu ndi ciwiri wa kawerengedwe kao. Cotero pa ciyambi pace munthu anali kuyatsira nyaliyo mnzace. M'caka ca 1998 akuru a mudzi anapangana kuti usiku wa 14 wa mwezi uli wonse magetsi a m'makwalala akale azimitsidwe, njinga zamoto zisalowemo, ndi nyali za silika ziyatsidwe pakhomo pali ponse. Alendo anakondwera nazo, nacuruka. Tsopano mabwato amayenda madzulo onse, mwezi uwale kapena usawale, ndipo ogulitsa amaitana mlendo kuti, Gulani nyali, muchule cimene mukhumba.

Ife tinatsikira kumadzi pa mseu wa Bach Dang cisisira citagwa. Tsidya lija, pa cisumbu ca An Hoi, msika wa usiku unali utayamba, ndi nyali zace zofiira, zacikasu ndi zobiriwira zinali kuoneka kawiri, pamwamba ndi m'madzi. Pa gombe panali amai okalamba ndi ana, yense ndi licero la tinyali. Kanyaliko nkosabvuta kupanga: ndi pepala lolimba lopindidwa ngati kabokosi kapena duwa, kukula kwace ngati manja awiri ophatikiza, ndi kandulo wamfupi pakati. Amene sakwera bwato amabwereka ndodo yaitali yokhala ndi kadengu kunsonga, natsitsira nayo nyali pamadzi. Mabwato ndi a matabwa, onyamula anthu anai kapena asanu, ndipo yense abvala cobvala coyandamitsa asanakhale pansi. Wopalasa wathu anali mai wa msinkhu wa ife tomwe, wobvala cipewa ca masamba cosongoka pamwamba, ndi manja ace anali olimba ngati a munthu wa khasu. Ulendo wonse ndi wa mphindi 20 kapena kucepera.

Titafika pakati pa mtsinje, mai uja analeka nkhafi, nayatsa makandulo athu atatu, natipatsa yense nyali yace. Pamenepo mwana wathu anati, Atate ndi amai, akuti nyali imodzi cokhumba cimodzi; musaunjike.

Tikuuzeni zoona, abale, sicinali cinthu capafupi. Munthu ayesa kuti adziwa cimene afuna, kufikira atauzidwa kusankha cimodzi cokha. Tikakhala pakhonde kwathu zokhumba zathu nzambiri: malata atsopano pa denga, mvula yodza pa nthawi yace, fetereza wa mtengo wocepa, maondo osapweteka, ndalama za sukulu za adzukulu. Zonsezi nzabwino, ndipo palibe manyazi pozikhumba. Koma pamene kandulo anali kusungunuka m'manja, ndi mphepo ya pamadzi inali kuopsa kalawi kace, zokhumba zija zinayamba kuuluka cimodzi cimodzi monga mankhusu pakupeta, ndipo cimene cinatsala m'licero ndi dzina la munthu.

Tiri naye mwana wamwamuna, wacisamba wathu, amene anapita ku Johannesburg kukafuna nchito. Zaka ziwiri zoyamba anali kutumiza mau ndi kandalama. Pambuyo pace mau anacepa, foni yace inaleka kulira, ndipo pofika usiku umenewo zinali zitapita zaka zisanu osamva liu lace. Kwathu munthu wotere amucha mchona. M'nyumba mwathu dzina lace linali litayamba kusowa pakamwa, popeza kulichula kunali kugwetsa nsima m'manja mwa amai ace. Tinawerama, tinaika nyali zathu pamadzi osauzana kanthu, ndi madzi anazilandira, naziyendetsa pang'onopang'ono kumka kunsi.

Pobwerera ku gombe tinafunsa wopalasayo, mwa pakamwa pa mwana wathu, ngati iyenso amaika nyali. Anaseka, nati saononga kandulo masiku onse, koma pa mwezi wacisanu ndi ciwiri amaika imodzi ya amai ace amene anamwalira. Kunena za iye mwini, anati cokhumba cace ncakuti madzi asakwere ndi alendo asaleke kubwera. Mau amenewa sanali a maceza cabe. M'March 2020 dziko la Vietnam linatseka malire ace cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo silinatsegulirenso alendo onse kufikira March 2022. Zaka ziwiri zimenezo mabwato ambiri anakhala omangidwa pa gombe, ndi mabanja amene adya za nkhafi anadziwa kuwawa kwace. Tinazindikira pamenepo kuti kandalama kathu kogulira cokhumba ndiko kanali yankho la cokhumba ca mai uja.

Titaturuka m'bwato tinakhala pa mwala wa gombe, ndipo amai a mwanayo ndiwo anayamba kufunsa kuti, Nanga inu munachula ciani? Tinapeza kuti nyali zitatu zija zinanyamula dzina limodzi. Mlongo wace anati, Inenso ndinachula acimwene. Usiku umenewo tinakamba za iye kufikira msika wa tsidya lija unayamba kuzimitsa nyali: za ubwana wace, za kuseka kwace, za malaya amene anabvala tsiku lokwera basi. Zaka zisanu tinali kukhala yense ndi cisoni cace pa yekha, ngati anthu atatu osenza mtolo umodzi mumdima, yense ali kuyesa kuti ausenza yekha.

Ndipo nyali zathu zinathera kuti? Pa kanthawi tinali kuzizindikira, koma posacedwa zinasanganikirana ndi zina zambirimbiri, kotero kuti palibe akanatha kunena kuti iyi nja Mjapani, iyo nja Mzungu, iyo nja ife. Zina zinagubuduzika ndi mafunde a mabwato, zina zinapsa pepala, zina zinakakamira m'mbali mwa gombe. Pali anthu a nchito amene amayenda ndi bwato ndi kaukonde ka pa ndodo, kubvuula mapepala onyowa ndi zotsala za makandulo, kuti mtsinje usadzale zinyalala. Uko ndiko kutha kwa ulendo wa nyali: imathera m'dengu la wotola zinyalala, isanaone nyanja. Wogulitsa adziwa ici, wopalasa adziwa, ndi mlendo wopenya bwino adziwanso. Ife sitinapembedze mtsinje, pakuti mtsinje ndi madzi cabe, ndipo amene aona madziwo ali kulowa m'zipinda zao adziwa ici koposa ife.

Nanga tsono phindu la nyali yotere liri pati? Ife tiyesa kuti liri pa ici, kuti ikakamiza munthu kusankha. Masiku onse a moyo wathu tiri kuthamanga ndi zofuna zazing'ono, zimene zipfuula kwambiri, ndipo cofuna cacikuru cimakhala cete kumbuyo, cifukwa ndico copweteka. Munthu afunika kanthawi ka bata, ndi wina womuuza kuti, Chula cimodzi cokha. Kwa ife kanthawi kameneko kanadza pa bwato la m'dziko lakutali, koma sikafuna ulendo wa ndege iai. Kangadze pa moto wa madzulo, kapena pa njira yocokera kumunda, ngati munthu alimba mtima kudzifunsa. Yesani nokha usiku uno, ndipo tikhulupira kuti ambiri a inu mudzapeza monga tinapeza ife, kuti cotsala m'licero ndi dzina la mbale.

Koma kudziwa cokhumba ndi ciyambi cabe, pakuti mtsinje sunyamula kalata. Apa tikumbukire Ajapani aja a m'minda ya mpunga. Iwo anali kuona madzi omwewa ali kutsikira ku nyanja imene tsidya lace kuli kwao, koma panalibe combo cowatenga. Anachona cifukwa ca lamulo la olamulira, ndipo sakanatha kucitapo kanthu, iwo kapena abale ao. Machona athu a lero palibe mfumu yowaletsa kubwera. Cimene ciwatsekera kawirikawiri ndi manyazi. Mnyamata anacoka ndi lonjezo lakuti adzabwera ndi malata ndi njinga. Nchito inatha, mapepala ace okhalira m'dziko la eni anatha, ndipo aopa kufika pakhomo cimanjamanja. Caka cikapita osatumiza mau, kutumiza kumalemera. Zikapita zitatu, ayesa kuti kwao anamkwiyira kapena kumuiwala. Ndipo kwao nakonso akhala cete, poopa kufunsa ndi kumva zoipa. Cotero njira ya pakati pao imadzala mcenga pang'onopang'ono, monga mathiriro a Thu Bon, popanda tsiku limodzi limene munthu anganene kuti, Lero njira yatsekeka.

Mcenga wotere ucotsedwa ndi manja. Titabwerera kwathu tinayamba kuchula dzina la mwana wathu poyera. Tinauza akuru a mpingo ndi anyakwawa, tinauza oyendetsa mabasi ndi magalimoto a katundu amene apita ku Johannesburg, ndipo tinapereka cithunzi cace kwa anyamata a m'mudzi amene agwira nchito kumeneko. Mlongo wace analemba pa Facebook. Tinamvanso kuti bungwe la Red Cross liri ndi nchito yothandiza kufunafuna abale otayana m'maiko, ndipo tichula ici kuti ena a inu adziwe khomo limeneli. Kufikira tsiku lino sitinamuone mwana wathu, ndi liu lace sitinalimve. Koma mau amodzi anatifika, akuti munthu wina anakomana naye caka catha, ali moyo ndi wamphamvu. Mau amenewo anayenda kucokera pakamwa kumka pakamwa, mwa anthu anai kapena asanu amene sitiwadziwa nkhope, ndipo amai ace anagona tulo usiku umenewo.

Cifukwa cace tinena kwa inu amene muli ndi dzina losachulika m'nyumba mwanu: lichuleni. Funsanani wina ndi mnzace, pakuti kapena amene mudya naye mbale imodzi ali kusenza mtolo womwewo. Tumizani mau ndi munthu ali yense wopita njira imeneyo, ndipo mau ace akhale ofewa, osafunsa za ndalama, osawerenga zaka. Akuru anati madzi saiwala khwawa; koma khwawa likadzala, eni ace ayenera kulikumba kuti madziwo apeze podzera.

Ndipo ngati tsamba ili lifika m'manja mwa wina amene ali kutali, m'kacipinda ka lendi m'mzinda wa eni, amene apenya nambala ya kwao nabweza foni m'thumba, tinena kwa inu monga atate ndi amai. Musalinde kufikira mutapeza zimene munalonjeza. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Imbani lero, ngakhale mau anu akhale awiri okha akuti, Ndiri moyo. Ife tinali atatu m'bwato lija, yense ndi cokhumba cimodzi cokha, ndipo panalibe mmodzi amene anachula malata kapena njinga.